Kufula Njuchi

Galu wa mkamwini wanga dzina lake ndi Njuchi. Dzinali analipata akadali kamwana, tsiku lomwe anakanunkhiza mphako ya mtengo wa kuseri kwa nyumba n'kubwerako mphuno itatupa ngati dzungu. Ine ndinali nditanena kale kuti pamtengo umenewo pasamayandikire munthu, koma galu sumuuza.

Chaka asanakwanitse n'komwe, mkamwini anayamba kupita naye kuthengo. Nguluwe zimatithera chimanga m'munda wa m'mbali mwa nkhalango, ndipo galuyu ankatsata fungo mpaka pomwe zagona. Mwini wake akayamba kumutamanda, madzi osamba ankachita kuzizira. Mwana wanga ankangoti, "Bambo a ana, mukanakwatira galuyo bwenzi ine ndikupuma."

Kenaka Njuchi anayamba kununkhiza zina. Pachigayo pali galu wamkazi, ndipo chigayocho chili tsidya lina la msewu waukulu, umene malole amadutsa ngati akuthawa maliro. Ndinaona ndi maso angawa m'mawa wina: galu patsogolo, mkamwini pambuyo pake chingwe chili m'manja, onse awiri osayang'ana kumanja kapena kumanzere. Lole inaliza hutala mpaka nkhuku zinabalalika. Ine ndinangokhala pansi pomwe ndinaimapo.

Madzulo ake ndinalankhula, maso ndili pansi monga mwa ulemu.

"Bambo, galuyu mufuleni. Adzakutengerani pansi pa matayala."

"Amayi, galu wofula ndi mtsamiro. Amangonenepa, mphuno n'kugona. Nguluwe adzazimva bwanji?"

"Nanga wakufa amamva fungo?"

Anaseka, n'kundithokoza chifukwa cha malangizo, kuthokoza kuja kwa munthu amene sanamve.

Patapita masiku mayi ake a mkamwini anadwala, ndipo banja lonse linapita kukawaona. Nyumba anandisiyira ine, pamodzi ndi galu. Potsazika mkamwini anati, "Mundisungire mnzangayu, amayi." Sanati nkhuku, sanati mbuzi.

Tsiku langa lokatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndinadzuka n'kupeza chingwe chitatafunidwa. Njuchi ndinakamupeza m'mphepete mwa msewu akudikira mpata. Ndinamukoka ndi lamba wa m'khosi mpaka m'khola lakale la mbuzi, n'kutseka, n'kutsamiritsa mwala pachitseko. Pamenepo ndipo ndinaganiza kuti akulu akaona dzenje sadikira chilolezo.

Kwathu kuno kuli bambo wina amene timangomutcha a Kalumo. Mbuzi amafula ndi iwo, nkhumba ndi iwo, mtengo ukapendekera denga amadula ndi iwo. Amakhala kuseri kwa telala, pafupi ndi pokwerera minibasi. Popita kuchipatala ndinadzera konko, koma sindinawapeze. Pakhonde pa telalayo panali azibambo akumvera wailesi, ndipo zinthu za pansi pa mchira sizitchulidwa pagulu, makamaka ndi munthu wa imvi. Ndinamuitanira pambali telala n'kunong'ona mwachidule.

"Mukawauze a Kalumo akafule Njuchi lero lomwe. Kunyumba kulibe munthu, angozungulira kuseri."

"Musadandaule, gogo, ndiwauza."

Kuchipatala mzere unali wautali. Pabenchi ndinakhala pafupi ndi mtsikana wovala majombo, atafukata khanda. Ndinamuuza kuti amufunditse kumutu, mphepo ya pakhomo imalowera paliwombo. Anamufunditsa osatsutsa, ndipo ndinamukonda. Pocheza anandiuza kuti ndi dokotala wa ziweto, wangobwera kudzakweza mwana sikelo.

"Ndiye mwandithandiza, mwana wanga," ndinatero. "Galu akafulidwa, pabala mumathira phulusa kapena mchere?"

Anatembenuka thupi lonse. "Galu wamkulu bwanji, agogo?"

"Wosaka, wamiyendo italiitali. Chaka sanakwanitse."

"Akumufula ndani?"

Ndinamuuza za a Kalumo ndi mpeni wawo. Sanandikalipire, ndipo kukanakhala bwino akanandikalipira. Anangolankhula pang'onopang'ono ngati akuuza munthu za matenda ake. Anati galu si mbuzi. Pamafunika jakisoni womugonetsa, mitsempha imangidwe, bala lisokedwe, kupanda kutero ena amatha magazi mwini wake akuonerera. Anatinso galu wamkulu thupi, wothamanga m'thengo, ndi bwino kumudikira mafupa akhwime kaye, chaka chipitirire ndithu, chifukwa ukafulumira mawondo ndi chiuno zimatha kudzamuvuta.

"Nanga zoti mphuno imagona?"

"Mphuno ili kutsogolo, agogo, ife timagwira kumbuyo. Kunenepa kumachokera m'mbale. Ndipo musaganize kuti kufula ndi mpanda. Ena amachepetsa kuyendayenda, ena amapitabe, chifukwa njira anaidziwa kale." Anamukonza mwana pachifuwa. "Mwapangana liti ndi bamboyo?"

"Lero."

"Ndiye mukudikira chiyani pabenchi pano?"

Malo anga pamzere ndinawasiya. Mankhwala ndinawasiya. Minibasi inali isanadzaze, ndipo kondakitala ankaitanira anthu ngati ali ndi tsiku lonse m'thumba. Ine amene ndimadziwika kuti ndikakwera ndimauza dalaivala achepetse liwiro, tsiku limenelo ndinamufunsa ngati galimoto yake ikudwala. Anandiyang'ana pagalasi n'kunena kuti, "Gogo, ndinu nomwe kapena mapasa anu?"

Njira yonse ndinkaona magazi m'khola, ndi nkhope ya mkamwini akutsegula chitseko. Munthu anandilandira m'nyumba mwake, mawu oipa sanandiuzepo, ndipo chinthu chimodzi chokha ndicho anandisungitsa.

Nditafika, kuseri kwa nyumba kunkafuka utsi. Galu sankamveka. A Kalumo anali atakhala pachitsa, diso limodzi litatupa mpaka kutsekeka, mpeni wautali uli pambali pawo, akupukuta zala ndi masamba. Patsogolo pawo panali beseni langa lochapira, lovundikiridwa ndi thumba.

"Mwafula kale?"

"Kalekale, mayi. Ntchito yatha."

Ndinagwira khoma. "Panali kulira?"

"Kulira kokha? Taonani disoli. Kumsana ndiye sindinaoneko. Zaukali zedi, zinakhalitsa osagwidwa ndi munthu."

Ine n'kumayesa akutchula ziwalo zija mwaulemu. "Nanga moyo ulipo?"

"Zina zafa, zina zathawa. Ntchito imeneyi imatero."

"Zathawa bwanji? Zili kuti?"

"Zofunikazo zili m'besenimo. Ladzaza mpaka m'milomo." Analikankhira kwa ine ndi phazi. "Lawani, mayi, zikadali zofunda."

Ndakhala zaka zambiri padziko, koma mawu oterowo anali asanandiuzepo munthu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwatukwane, pomwepo kanthu kanandizungulira kukhutu kakulira. Ndinayang'ana kumtengo. Mphako inali yakuda ndi utsi, udzu wopserera uli patsinde. Ndinavundukula thumba lija ndi nsonga ya ndodo, ndipo m'beseni munali zisa za uchi, zikuchucha.

Sindikudziwa mmene ndinafikira kukhola. Mwala unali pomwe ndinausiya. Njuchi anali atagona pakona, kuthawa utsi, ndipo atandiona anaimirira n'kuyamba kugwedeza thupi lonse. Ine, gogo wa anthu, ndinagwada pa ndowe zakale za mbuzi n'kumutukula mchira. Zonse zinalipo, monga anabadwira. Anandinyambita kumaso, chinthu chomwe ndimaletsa ana tsiku ndi tsiku, ndipo ndinamusiya anyambite.

A Kalumo anali ataima pakhomo la khola akuyang'ana ndi diso lotsala lija.

"Mayi, mukufuna chiyani kumeneko?"

"Uyu ndiye Njuchi."

Anayamba kuseka mpaka kutsokomola. "Ndiye ndalumidwa m'malo mwa galu? Inu mayina a ziweto mumatchula ngati mukutchera anthu msampha. Chabwino, mpeni sunabunthe. Mugwireni miyendo."

"Bwezerani m'thumba mpeniwo. Ndipo pochoka muuloze pansi, mungapunthwe nawo."

Ndinawagawira theka la uchi, ndinawapatsanso nsalu yonyowa ya padiso, n'kuwachenjeza kuti akamva kubanika asagone nazo, apite kuchipatala.

Banja litabwera sindinadikire kuti telala andinenere. Ana atapita kukasewera, ndinakhala pamkeka n'kumuuza mkamwini zonse, kuyambira chingwe mpaka beseni, ndi mawu a dokotala uja monga ndinawamvera. Mwana wanga anatseka pakamwa ndi nsalu, mapewa akugwedezeka. Mkamwini sanaseke. Anadzuka, anapita kukhola, anakhalako nthawi.

Pobwera anakhala pampando wake n'kufunsa, "Dokotalayo anati mphuno sigona?"

"Anati ili kutsogolo."

"Tikakolola adzakhala atakhwima. Mudzandiperekeze, ndikamve ndekha. Ngati n'kufula, akafule iyeyo, osati wa uchi." Anakanda kumutu. "Za msewuzo munanena zoona, amayi. Lole ija ndimailota."

M'mawa mwake anayamba kukumba maenje a mpanda wa waya kuzungulira bwalo. Ine ndinakoka mpando n'kukhala pamthunzi, Njuchi atagona pamapazi anga. Ndinamuuza mkamwini kuti waya aukwirire pansi, galu amafukula. Ndinamuuzanso kuti chotsekera cha pachipata chachepa msinkhu, adzachikankha ndi mphuno. Anachiyang'ana, anayang'ana galu, n'kuzula misomali kuti achikweze.