Mwala wa Pachipata

Namapu anayang'ana kompyuta kachitatu, koma mzere umene unali pamapu ake sunasunthe. Anzake anamupatsa dzinali chifukwa sankasiyana ndi mapu, koma mapu a tsikulo anamuzunguza mutu.

Chaka chathunthu anakhala akuyeza mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi, malo ndi malo m'mbali mwa nyanja yamchere. Manambala ake amaulula makulidwe a thanthwe limene mtunda wakhalapo. Thanthwelo limayenera kupyapyala pang'onopang'ono polowera kunyanja, koma lakelo linkaduka mwadzidzidzi ngati alitema ndi nkhwangwa. A Pulofesa omuyang'anira anali atasangalala kale, mpaka kumulembetsa kuti akalankhule pamsonkhano Lolemba. Digiri yake yonse inatsamira pamzerewo.

Chomusowetsa mtendere chinali chimodzi. Malo onse akumpoto kwa mzerewo anayezedwa mvula isanayambe, akummwera itayamba. Nanga thanthwe limadziwa nyengo?

Anakapeza a Chipewa, bambo amene ankayenda ndi makina oyezera, akupukuta bokosi la makinawo pakhonde la ofesi yawo, pamwamba pa phiri. Anawafunsa ngati m'mawa uliwonse ankayambirabe pamwala wa pachipata cha mpanda wa ofesiyo, kumunsi kwa phirilo, pamene miyezo yonse amaiyerekezera.

"Pachipata paja matope ake anali olekeza m'mawondo, mayi," anatero a Chipewa. "Makina abwinobwino ndikawaike m'thope ngati nkhumba? Mvula itayamba ndinkayambira pakhonde panopa. Simenti yake ndi yosalala kuposa mwala uja."

"Pakhonde? Pamwamba pa phiri pano?"

"Mpanda ndi womwewu, ofesi ndi yomweyi. M'buku ndinkalembabe kuti pachipata, kuopa kukusokonezani."

Namapu anakhala pansi. Munthu akakwera pamwamba, dziko limamukoka mofookerapo, ndiye mamita makumi anayi a phirilo ndi amene anatema thanthwe lake. Mtima unamuwawa, anafuna kukalipa, koma akalipire ndani? Iye mwini sanawauzepo bambowa chifukwa chimene mwalawo unalili wofunika. Iwo anaima chilili akumwetulira, kudikira kuthokozedwa. Ataona nkhope yake, kumwetulirako kunazima.

"Ndiye chachikulu mwatulukira chija chilipo kapena palibe?"

"Chilipo, bambo. Ndi khonde lathuli."

A Chipewa anavula chipewa, nayang'ana khondelo ngati akuliona koyamba.

Namapu anawapempha kuti atsikire kuchipata ndi makinawo, akayeze kusiyana kwa malo awiriwo. Iye analowera kuofesi ya a Pulofesa kukawauza zoona, amene anawapeza akuitanira anzawo pafoni kumsonkhano uja. Anaima pakhomo mpaka anamaliza, kenako anagogoda.