Lamba wa Mkwatibwi

Galimoto ya a Marash inalowa pabwalo pa Drane, mayi wa mkwatibwi, ikuliza hutala ngati mwini wakeyo ndiye akukwatira. Chinali chigalimoto chakuda, chachitali, chamatayala onenepa, cha mtundu womwe mabwana a ku Jeremani ankanyadira kale asanatope nacho. A Marash, amalume a mkwati komanso ankhoswe a kuchimuna, anachigula chitakalamba, nachiveka zitsulo kutsogolo, mipando nkuikuta ndi zikopa za nkhosa. Tsikuli chinali chitavala maluwa ndi nsalu zoyera, poti ndicho chimanyamula akwatibwi onse a banja lawo kudutsa nawo phiri kupita ku Puka.

Drane atachiona ali pakhomo, mtima unangoti myuu. Mwamuna wake anafa pa ngozi ya galimoto yonga yomweyi. Sinkathamanga nkomwe. Inangofika pokhota, nkupendekeka monga zimachitira zitalizitalizi, nkugubuduka, iye nkutulukira pawindo, galimoto nkumugonera. Pamaliro abambo ankayamikira kuti chitsulo chake ncholimba, taonani sichinaphwanyike kwenikweni. Eni ake anaikonza, ndipo mpaka lero ikuyenda.

Tsono kumapiri kumeneko, kumanga lamba m'galimoto ya munthu nkumutukwana. Ukangogwira lambayo, dalaivala amakuyang'ana ngati wamunena kuti ndi chidakwa. Mwambo winanso ndi wakuti mkwatibwi akamachoka kwawo sayankhula, amangowerama, ndipo mayi ake amatsalira pakhomo nkumalira mwaulemu. Lule, mwana mmodzi yekhayo wa Drane, anachita mbali yake bwinobwino. Anatuluka maso ali pansi, velo kumaso, azimayi akuimba. Amene analephera mbali yake ndi mayi.

Drane anadutsa pabwalo, natsekula chitseko chakumbuyo, nkupisa dzanja m'mphepete mwa mpando. Munalibe kanthu. Chikopa cha nkhosa chinali chosokerera mbali zonse.

"Ankhoswe, malamba ali kuti?"

"Malamba a chiyani, mayi? Tabwera kudzatenga mkwatibwi, osati mbuzi yoti itilumpha m'njira."

Abambo a mumdipiti wa ukwatiwo anaseka chikhakhali. A Marash, omwe kachasu wa raki wa m'mawa anali atawafiiritsa makutu, anamenya boneti ndi chikhatho.

"Iyi si galimoto, mayi, ndi kasinja! Itagundana ndi basi, olira angakhale a m'basiwo."

"Nanga itagubuduka, angalire ndani?"

Kuseka kunazima. Aliyense pamenepo ankadziwa za mwamuna wa Drane, kungoti ankaganiza kuti mkazi wamasiye waulemu sangazitchule paukwati.

"Mukutitemberera kodi?" anafunsa a Marash. "Ine msewu uwu ndinayamba kuyendetsamo inu musanamere mano. Sindinagwetsepo ngakhale dzira."

Drane anasuzumira kutsogolo. Pamalo pomwe pamayaka kagetsi kochenjeza kuti thumba la mpweya loteteza pa ngozi linafa, anamatapo chithunzi cha Antoni Woyera, ndipo kuwala kofiira kunkaonekera m'mbali mwa mutu wa woyerayo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Drane anatembenuka, nalowa kukhitchini, nkutulukako ndi mpeni wodulira buledi.

Azimayi anakuwa. Woimba akodiyoni analeka nyimbo pakati. Koma Drane sanayang'ane munthu, anangogwada pampando ndi zovala zake za ukwati nkuyamba kudula ulusi. Chikopa chitamasuka, anapeza lamba atapindidwa pansi, ali ndi fumbi ndi makoko a mpendadzuwa. Anamukoka pang'onopang'ono, lambayo anatuluka. Anamukoka mwamphamvu, anagwira. Anafukulanso kachitsulo komangirako pakati pa mipando, nakapukuta ndi mpango wake.

A Marash anabwera pafupi, mawu atatsika.

"Mayi, mwang'amba chikopa changa, ndangokuonani. Koma mukammanga mwanayu m'galimoto yanga, pamaso pa anthu onsewa, mudziwe kuti kwathu akalowa ndi mbiri. Apongozi ake amva lero lomwe."

"Amve. Mukawauzenso kuti ndine wamisala, ngakhale apano akudziwa kale. Koma popanda lamba, mubwerera ndi maluwa anuwa okha."

Mdipiti wa ukwati kubwerera wopanda mkwatibwi ndi manyazi omwe banja limasiyira zidzukulu, ndipo a Marash ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense. Anayang'ana abale awo kuti wina awathandize, koma onse anali atapeza choyang'ana pansapato zawo. A Marash analavula pansi, nakakhala kuchiongolero, nkumenyetsa chitseko.

Pamenepo ndi pomwe Lule nayenso anaswa mwambo. Mawu anatulukira pansi pa velo, otsika.

"Amayi, chonde. Mukundiphera banja lisanayambe. Inu mutsala kuno, wokakhala nawo anthu amenewa ndine."

Mwanayo sankanama, ndipo zinamupweteka Drane mpaka m'mafupa. Ankaudziwa moyo wa m'nyumba ya apongozi, poti nayenso anaulawa. Kumeneko Lule adzakhala mwana wa mayi wampeni uja zaka zonse. Akapsereza nyemba azidzati nza kwawo, akadwala azidzamufunsa ngati akufuna lamba. Pa Khirisimasi mwina sadzamulola nkomwe kubwera kudzaona mayi ake. Drane anaziona zonsezo, nazimeza.

Anamugwira mwana wake paphewa, namukhazika pampando. Anadutsitsa lamba pamwamba pa diresi loyera lija, lomwe anasoka yekha chilimwe chonse, ndipo lambayo anasiya mzere wakuda wa fumbi kuchokera paphewa mpaka m'chiuno. Azakhali ena anaphimba kukamwa. Kachitsulo kanalira kuti kwe, bwalo lonse nkumva. Drane anakokanso lambayo kuti athine bwino.

Misozi ya Lule inali itanyowetsa velo.

"Sindidzakukhululukirani," ananong'ona.

"Usandikhululukire, mwanangu," anatero Drane, akutseka chitseko ndi manja ake. "Uzidana nane mpaka ukalambe."