Malumbiro Awiri pa Nyanga Imodzi

"Ndiye ukuti akandikana ndapambana?"

"Akakukanani koyamba, inde."

"Iwe, masamu ako aja anakuwononga mutu."

"Achimwene, yang'anani msewu. Ndibwereza, koma komaliza."

Tinali m'galimoto ya Torfi, mchimwene wanga, tikupita ku miyala yakuda ya kunja kwa tawuni ya Hafnarfjörður kumene gulu lathu limathirira nsembe milungu. Linali Lachinayi, tsiku loyamba la chilimwe, ndipo monga mwa chaka chilichonse kunkagwa chipale chofewa. Kumbuyo mphika wa supu wa nkhosa unkagwedezeka pa bampu iliyonse. Mtima wanga nawo unkatero, koma ndi chimwemwe.

Vuto la Torfi linayamba chaka chatha, tsiku ngati lomweli. Pamwambo wathu timaima mozungulira moto, nyanga ya ng'ombe yodzaza mowa wa uchi n'kumayenda dzanja ndi dzanja. Wogwira nyanga ndiye amayankhula, ena onse chete. Ukhoza kungoti "Alemekezeke Thor" n'kumwa, ndipo anthu anzeru amatero. Koma chimene wanena nyanga ili m'manja, mowa uli momo, chimakumanga. Sichibwezedwa.

Torfi analumbira kwa Freyja kuti nyanga ya chaka chamawa isanaume adzakhala atafunsira mkazi amene amamusowetsa tulo. Dzina sanatchule. Tinafuula mokondwa. Nyanga inadutsa anthu atatu n'kufika kwa Bergdís, dokotala wa mahatchi, amene mwamuna wake anali atangosamukira ku Norway, atatenga galu ndi sofa yomwe. Bergdís analumbira kwa Skadi, mulungu wamkazi wa kumapiri ozizira, kuti mwamuna aliyense womufunsira nyanga ya chaka chamawa isanaume adzamukana. Tinafuulanso tonse, kupatula Torfi. Apo ndi pamene ndinalidziwira dzina lija.

Afunse msanga, akanidwa. Achedwe, waphwanya lumbiro pamaso pa Freyja, mwini wake weniweni wa nkhani za chikondi. Torfi anaonda chaka chonse. Ine ndinadzaza theka la kope ndi mizere ndi timivi, mpaka sabata yatha njira inaoneka.

"Mukaime kumapeto," ndinatero, "kuti nyanga ikufikeni inu omaliza. Mufunsire mowa udakali momo. Lumbiro lanu lakwanira. Mupereke nyanga kwa wansembe, mayi Arnfríður, athire wotsalawo pansi, gawo la milungu. Nyanga yauma. Bergdís akukaneni, lumbiro lake lakwanira. Koma akukana alibe mowa m'manja, ndiye 'ayi' wakeyo sakumanga munthu. Kenako mufunsenso."

"Kawiri tsiku limodzi?"

"Mukagawa ndi chaka chimene mwakhala duu, ndi funso limodzi pa miyezi isanu ndi umodzi. Si zambiri."

"Nanga akakana atagwira nyanga ya mowa?"

"Ndiye basi, mwakanidwa mpaka kalekale, milungu ili mboni. N'chifukwa chake ndikuti kumapeto. Musasunthe, ngakhale pansi pang'ambike."

"Kuno ku dziko la zivomerezi pansi pamang'ambikadi, Unnur."

"Musasunthebe."

Tinapeza anthu ngati makumi awiri atafika kale, onse m'majuzi a ubweya, akupondaponda kuti magazi ayende. Mayi Arnfríður, wansembe wathu, amene masiku ena onse amaphunzitsa ana kusambira, anali atavala mkanjo wawo wobiriwira pamwamba pa jekete. Moto unali utayaka. Bambo Ketill, wopanga mowa wathu, anatilandira ndi botolo m'khwapa.

"Torfi, mwana wanga, lero ndi lero! Wabwera naye mkaziyo kapena akadali m'maloto?"

"Musiyeni, bambo Ketill," anatero Bergdís akutsika pamwala, masaya ali psuu ndi mphepo. "Mwina ndi nkhosa. Wathera nthawi yozizira yonse ku khola la amalume ake."

Anthu anaseka. Torfi anaseka mochedwa, n'kupita kukaima pamalo pake, pafupi ndi mayi Arnfríður. Ine ndinaima pambali pake kuti nyanga idzadzere kwa ine isanamufike. Bergdís anali tsidya lina la moto, wachisanu pamzere. Zonse zinali monga m'kope muja. Ndinkalephera kuima malo amodzi.

Mayi Arnfríður anakweza manja n'kupatula malowo. Anaitana Freyr wobereketsa minda, Freyja mlongo wake, Njörd wa kunyanja, ndi mizimu yokhala m'miyala tinapondayo. Pa dzina lililonse tinkayankha pamodzi, "Alemekezeke!" ndipo mawu athu ankabwerera kuchokera kuphiri. Chipale chinaleka. Dzuwa linatulukira pang'ono, mwina mphindi imodzi, ndipo aliyense analiyang'ana ngati ndi iye walikoka. Bambo Ketill anadzaza nyanga ija mpaka pamlomo. Ndi nyanga yaikulu, yotalika ngati mkono wa munthu.

Inayamba ulendo wake. Woyamba analemekeza Thor. Wachiwiri anathokoza Freyr chifukwa cha mapasa a nkhosa yake. Ili kwa wachitatu, mphepo inatembenuka.

Utsi wonse unathamangira kumaso kwa Bergdís. Anapirira, anatsokomola, anapukuta misozi. Kenako anachoka pamalo pake mwakachetechete, anazungulira kumbuyo kwathu, n'kudzagunda Torfi ndi chigongono kuti amupatse malo pakati pa iye ndi mayi Arnfríður.

Mchimwene wanga, amene ndinamuuza kuti asasunthe ngakhale pansi pang'ambike, anasuntha.

Tsopano womaliza anali Bergdís. Torfi akafunsa, ayenera kupereka nyanga kwa iyeyo, mowa uli momo. Ndinafuna kukuwa, koma ndinalibe nyanga. Ndinangoyang'ana ikubwera, ndikuwerengera m'mutu. Anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi otsala, aliyense akameza kawiri, ifika kwa Torfi ili pafupi kuuma. Koma theka la anthuwo linabwera likuyendetsa magalimoto, ndiye linkaopa kuledzera. Ankangonyowetsa milomo, amantha, n'kupatsira. Itafika kwa ine inali yolemera ngati mwana wakhanda.

"Alemekezeke Frigg," ndinatero, "amene amadziwa zonse koma sanena kanthu."

"Alemekezeke!"

Ndinamwa. Ndinamwa mpaka makutu anatentha, mpaka bambo Ketill anayamba kundiyang'ana monyadira. Nditatsitsa, mowa unali usanafike ndi pakati pomwe. Ndinayang'ana Torfi m'maso, ndinayang'ana m'nyanga, ndinakweza chibwano. Imwani wonse. Anagwedeza mutu. Anamva.

Analandira nyanga ndi manja awiri.

"Alemekezeke Freyja," anatero. Tinayankha. Iye sanamwe. Anatembenukira kwa amene anaima pambali pake. "Chaka chatha ndinalumbira pano. Sinali nkhosa, Bergdís. Ndiwe. Ndakukonda kuyambira tsiku lija unandikalipira chifukwa cha ziboda za hatchi ya amalume. Kodi ungalole kukhala wanga?"

Wina anapuma mokweza. Bambo Ketill anavula chipewa. Bergdís sanasinthe nkhope. Anangovula golovesi imodzi pang'onopang'ono n'kutambasula dzanja kuti alandire nyanga, monga mwambo unenera.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene aliyense wa gulu lathu amaphunzira tsiku loyamba, ndipo amene amaphunzitsa alendo ndi Torfi yemweyo. Pomwera nyanga, nsonga yake iziloza pansi kapena kumbali. Ikaloza kumwamba, mowa umayamba wadikira, kenako umabwera wonse nthawi imodzi.

Torfi anaona dzanja lija. Anakweza nyanga mwachangu, nsonga ili kumwamba.

Mowa unadikira. Kenako unabwera.

Unamumenya kumaso ngati funde. Unalowa m'mphuno, unasefukira m'ndevu, unatsika m'juzi, wina unafika pamoto n'kulira tsiii. Iye sanatsitse. Anapitiriza kukweza, akumeza umene akanatha, akutsamwa, maso ali otseka, mpaka nyanga inaloza mitambo. Palibe amene akanayankhula, chifukwa nyanga inali idakali kwa iye. Anthu makumi awiri ankagwedezeka mapewa ali chete. Mayi wina analuma mpango wake.

Bergdís anachotsa nyanga m'manja mwa Torfi. Anaitembenuza chadodolido, anaigwedeza, anaimenya pachikhatho. Silinagwe ngakhale dontho. Anaipereka kwa mayi Arnfríður, amene anasuzumiramo nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira.

"Yauma," anatero mayi Arnfríður. Anayang'ana pansi pamene chipale chinasanduka chachikasu mozungulira nsapato za Torfi. "Milungu yalandira gawo lake, ngakhale ladzera m'ndevu. Mwambo watha."

Chiseko chinaphulika. Bambo Ketill anagwada pamwala akulira kuti miyezi isanu ndi itatu ya ntchito yake yathera kuchapa juzi. Ine ndinkalumpha. Funso linafunsidwa mowa ulipo, nyanga yauma, manja a Bergdís alibe kanthu. Mzere womaliza wa m'kope langa, tinaufika podzera kuthengo.

Bergdís anakweza dzanja, anthu anakhala chete. Anayang'ana kumapiri.

"Skadi, wamva? Munthuyu wandifunsira nyanga isanaume." Anatembenukira kwa Torfi. "Ayi."

Analinena mokweza, momveka bwino, ndipo phiri linabwereza.

Ndinali nditamuuza kasanu m'galimoto kuti mawu amenewa adzabwera. Koma kuwaona papepala n'kosiyana ndi kuwamva pamaso pa anthu, uchi ukuuma m'zikope. Torfi anangoima, kukamwa kuli yasa, ndevu zikudontha. Zonse tinakambirana zinali zitatsukidwa m'mutu mwake.

"Achimwene," ndinanong'ona, "lachiwiri!"

Anandiyang'ana ngati sandidziwa.

"Lachiwiri, inu!"

Bergdís anavalanso golovesi yake, chala chimodzichimodzi. Anayang'ana mphika wa supu uli pamwala, anayang'ana ine, kenako anasendera pafupi ndi Torfi mpaka nsapato zake zinaponda chipale chachikasu chija.

"Torfi, supu akuzizira. Uli ndi funso lina kapena ulibe?"