Nyali ya Njinga M'kamwa mwa Bambo

Namaselo anapeza bambo ake pakhonde, kukamwa kuli yasa, nyali yofiira yakumbuyo kwa njinga ikuphethira m'kamwamo. Masaya awo ankayaka ngati makala a m'mbaula.

"Bambo! N'chiyani chimenechi?"

Bambo anaitulutsa n'kuipukuta pamalaya. "Ndikudzichiza. Si iwe unati kuwala kofiira kumameretsa nkhama?"

Dzina loti Namaselo anam'patsa ndi iwo omwe, poti ntchito yake ku labotale inali kulera maselo a nkhama m'timbale tagalasi, kuwaunika ndi kuwala kofiira, kenako kuwerenga ngati achuluka. Zotsatira zoyamba zitamukomera, pakamwa panamuyabwa, anadzitama kunyumba.

"Ndinati m'mbale, bambo. M'mbale! Inuyo ndinu mbale?"

"Nkhama ndi nkhama basi."

"Kuwala kwathu timachita kuyeza. Iyi ndi nyali yoti magalimoto asakugundeni!"

Mayi anasuzumira pazenera. "Auze, mwanawe, ine ndatopa. Lachiwiri akana kupita kwa dokotala wa mano, ati mwana wawo watulukira mankhwala. Chonsecho kutafuna akulephera."

Namaselo anaona mpango umene bambo anaubisa m'dzanja. Unali ndi madontho a magazi. Mkwiyo unam'gwira, koma wokwiyira anasowa, chifukwa panali nkhani imene anaisunga masiku atatu osauza munthu. Anayang'ana nkhope yonyadira ya bambo ake, mtima ukukana kuigwetsa.

"Bambo, ndinabwerezanso kafukufuku uja. Maselo ounikidwa ndi osaunikidwa akula chimodzimodzi. Kaya zimathandiza, kaya ayi, sindikudziwabe."

"Ndiye miyezi yonseyi umangowotha nawo moto?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo."

"Iwe unadekha?"

Namaselo anazyolika. Mayi anatseka zenera mwaphokoso.

Bambo anafufuza dzino logwedera ndi lilime. Kenako anathimitsa nyali ija, nalowa m'nyumba. Anatuluka atavala jekete lawo la maulendo, lothina m'mapewa.

"Tiye kwa dokotala wakoyo."

Anayenda onse awiri mpaka pamphambano. Pamenepo bambo anaima, nakanda m'mutu.

"Tidzere kaye kwa a telala," anatero chapansipansi. "Dzulo ndawaphunzitsa, nawonso agula nyali yawo. Koma ukawafotokozere ndiwe. Ine m'kamwa mukundipweteka."