Kamba Analowa Kuchipinda

"Choka apa iwe!" anatero Regina, akukankha ndi phazi kachinthu kamene kanali kumugunda m'zidendene.

Kachinthuko kanabwerera m'mbuyo, kanazungulira, n'kulowera pansi pa sofa kakung'ung'udza. Kanali kamakina kosesa kokha m'nyumba, kofanana ndi chivundikiro cha poto wamkulu, kokhala ndi kanyali kobiriwira kosaphethira. Bambo Chishimba, eni nyumba, ndi amene anabwera nako kuchokera ku ulendo wakunja, ndipo analamula kuti wina aliyense asakatsegule, azikhuthula okha zinyalala Loweruka. Ikangokwana teni koloko kankadzuka kokha.

Regina anakapatsa dzina loti Kamba, ndipo anadana nako tsiku lomwelo. Zaka naini wakhala akusesa nyumba imeneyi ku Kabulonga, lero amubweretsera mnzake wopanda manja? Nanga kadiso kaja? Ndani angalumbire kuti sikankauza madamu pa foni kuti Regina wakhala pansi, Regina wathira mkaka wambiri mu tiyi?

Lachinayi limenelo mayi Chishimba anabwera masana, nthawi yosakhala yawo. Sanavule ndi nsapato zomwe. Anangoima pakhomo la chipinda chawo chogona.

"Regina, bwela kuno. Unangena muno?"

"Ine? Awe madamu. Ciyambile nchito, phazi langa silinapondepo umo."

Zinali zoona. Regina analangidwa bwino kwawo ku Katete, ndipo ankadziwa kuti chipinda cha banja amasesa ndi mwini wake.

"Mikanda yanga yasowa," anatero mayi Chishimba chapansipansi.

Bola akanati ndolo kapena wochi! Mikanda ya m'chiuno, imene alangizi amamuveka mkazi polowa m'banja, siibedwa kuti ikagulitsidwe ku City Market. Woiba mikanda ya mnzake amapita nayo kwa sing'anga, ndipo chimene akufuna ndi mwamuna wa mnzakeyo.

"Ninaivula pa Mande cifukwa cingwe cinayamba kutha. Ninaisiya pa kastulu. Muno tikhala atatu cabe." Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Masiku ano wayamba na kuzola mafuta onunkhila. Uganiza siniona?"

"Madamu, mafuta aja ananipatsa ni mwana wanga Becky."

"Uzakakamba na ba Musonda. Nabatumila kale foni. Manga katundu wako, mailo upite."

Mawa lomwe? Apo ndiye Regina anaona kuti zavuta. Mayi Musonda anali mkulu wa chigwirizano cha amayi ku tchalitchi kwawo ku Kabwata, ndipo ndi amene anamupezera ntchitoyi. Munthu wabwino, inde, koma chifuwa analibe. Akamva nkhani Lachinayi, pofika Lamlungu ndiye kuti ndi oimba kwaya omwe aimva. Ntchito ikatha munthu amapeza ina. Koma mkazi amene anaba mikanda ya abwana ake, ndani angamulowetse m'nyumba? Yunifolomu ya chigwirizano akaivala bwanji pamaso pa anzake?

Regina anakakhala pa mpando wa kukhitchini, misozi ya mkwiyo ili mbwee. Kamba anadutsa pafupi, akubwerera pakona pake pomwe amadyera magetsi. Regina anakweza phazi kuti amuponde, koma analiimitsa m'mwamba.

Kamba ankalira ngati chisekese.

Phokoso limeneli analimva kuyambira Lachiwiri, ndipo anakondwera nalo, akuti mdani wake wayamba kudwala, afe msanga. Tsopano anakumbukira china. Lachiwiri lomwelo madamu anapopera mankhwala a udzudzu m'chipinda mwawo, n'kusiya chitseko chosatseka kuti fungo lituluke. Ndipo iye, ndi maso ake awiri, anaona Kamba akuchokera chakumeneko.

Ananjuta, chala chili kale pa kachitseko ka pamsana pa makinawo. Kenaka anachibweza ngati wagwira mbaula. Ayi! Akatulukira ndi mikandayo m'manja mwake, madamu anena kuti waibisamo yekha ataona kuti zavuta. Komanso mikanda ya mkazi mnzake, iye aigwire ngati ndani?

Ananyamula Kamba ndi manja awiri, matayala ake akupalasa m'mwamba, n'kupita naye kubalaza. Masiku onse ankagwada polankhula ndi madamu. Lero anaima chilili, paja wakufa saopa kuwola.

"Nani wakuuza kuti ukagwile ako?" anakalipa mayi Chishimba.

Regina anangogwedeza makinawo kawiri pafupi ndi khutu lawo, n'kuwaika pansi pamapazi pawo.

"Tsegulani nokha, madamu. Ine sininatsegule."

Mayiwo anamuyang'ana mokayika kwa nthawi, kenaka anawerama. Anavutika nako kachitsekoko mpaka chikhadabo chawo chopenta chinathyoka. Anasolola kabokosi ka m'kati n'kukhuthulira pa nyuzipepala. Munatuluka fumbi, tsitsi, njere za mpunga, ndi mikanda yoyera, yofiira ndi yakuda, chingwe chake chitaduka pawiri.



"Kacinthu aka mwandi!" Mayi Chishimba anayesa kuseka, koma kusekako sikunatuluke bwino. Anayamba kutola mikandayo umodziumodzi, osakweza mutu. "Basi, nkhani yasila. Sucoka. Koma usauze munthu."

"Ine siniuza munthu. Ozauza ndimwe."

"Wati bwanji?"

"Zaka naini, madamu, citseko cija sininacilumphepo. Kamlendo aka kalibe mwambo kangena mpaka pansi pa bedi, koma wamankhwala nine. Tumilani ba Musonda."

"Nizabaona pa Sondo."

"Pa Sondo dzina langa lizakhala lafika ku Chilenje. Manje manje, nili pano. Mukakana, katundu wanga ni cola cimodzi cabe, nizapita nikabauze neka mwamene mikanda yapezekela."

Mayi Chishimba anamuyang'ana ngati akumuona koyamba. Anapukuta zala pa siketi yawo ya ku ofesi, n'kutenga foni. Inalira katatu.

"Ba Musonda, nine. Nkhani ija ya Regina... Awe, sanatenge. Napeza. Ninalakwa ine. Ngati mwauzako munthu, mubwelele mukamuuze futi."

Regina anadikira mpaka foni itadulidwa. Ndiye anatola Kamba, napita naye pakona pake. Podutsa anakoka chitseko cha kuchipinda chija ndi zala ziwiri, ali kunja, mpaka chinati khotyo.

"Iwe," anauza makinawo akuwakhazika pansi, "mailo uyambile kukhichini. Kucipinda uko kuli eni ake."