Akuti Mpesa Umafuna Kuvutika

Alamu anga a Rigoberto Cota ndi munthu woti nyumba ikamapsa amayamba apesa kaye tsitsi, kuti ozimitsa moto asawapeze ali nyankhalala. Ndiye anthu ndi nzeru zawo anawasankha kukhala wapampando wa bungwe la alimi a mphesa m'chigwa chathu cha Guadalupe. Ine sindinawavotere, ndipo iwo akudziwa.

Chaka chimenecho chitsime changa chinayamba kutulutsa madzi amchere, kenako matope. Chifukwa chake ngakhale mwana akanachidziwa. Kuseri kwa mpanda wanga anthu ena anamanga hotelo yokhala ndi dziwe losambiramo alendo, ndipo anali atapempha chilolezo chokumba mjigo wina wozama kuposa zitsime zathu zonse. Mipesa imene bambo anga anadzala ine ndisanabadwe inkadalira madzi a m'thanki, amene ndinkawagawa ngati mankhwala. Ndinkadziwa kuti mjigo umenewo ukangokumbidwa, mizere ya bambo yatha.

Mwayi tinali nawo umodzi. Kunyumba ya malamulo kunali bilu yoletsa kukumba mijigo yatsopano m'chigwa, ndipo komiti yake ankaitsogolera phungu wina, a Fidencio Arce. Bungwe linawaitana kuti adzadzionere okha pa chikondwerero chokolola mphesa.

Pamsonkhano wokonzekera ndinaimirira. "Tiwayendetse wapansi," ndinatero. "Fumbi liwalowe m'mphuno, alawe madzi a m'chitsime changa, aone masamba akupiringizika. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

"Alamu, inu mukufuna kutichititsa manyazi," anatero a Rigoberto. "Munthu wamkulu ngati uja sathandiza anthu ooneka olephera. Tiwaonetse kuti vinyo wathu ndi chuma cha dziko, adzamuteteza okha. Ndi liti kuno tinalandirira mlendo pabwalo losawaza madzi?"

Apo ananena zoona. Kwathu kuno ngakhale akubwera ndi wogulitsa tchizi, umayamba wawaza madzi pabwalo kuti fumbi ligone. Anthu anagwedeza mitu kuvomereza. Paja amati manyazi anapha Lambe, ndipo tsiku limenelo a Lambe anadzaza holo yonse.

Zimene zinatsatira ndi chibwana cha mchombo lende. Malole a madzi ogula anayamba kuyenda akuwaza msewu. Kapinga anakamugula kumzinda, wokulungakulunga ngati mphasa, n'kumuyala pakhomo la nyumba yosungira migolo ya vinyo. Chitsime chokongoletsa chija chili pamphambano, chimene chinauma kalekale mpaka agalu ankagonamo, anachidzaza n'kuyamba kutumphuka. Tebulo la olemekezeka anati liikidwe m'munda mwanga, poti mipesa yanga ndiyo yakale kuposa yonse ndipo imatuluka bwino pazithunzi.

Dzulo lake la mwambowo ndinapita kumzinda wa Ensenada kukasiya mabotolo a vinyo. Pobwerako ndinapeza masamba a mipesa yanga akunyezimira, madzi akuchucha. A Rigoberto anali ataima pakati pa mizere, paipi ili m'manja, ndipo paipiyo inkachokera kuthanki langa.

"Alamu, mwapenga?"

"Anali ndi fumbi, a Eulalia. Bwana akanaganiza kuti ndi mipesa yodwala."

"Ndi yodwaladi. Si chimene tawaitanira?"

"Lole ibwera kudzadzaza, musade nkhawa."

Ndinagogoda thankilo ndi chala, linalira ngati ng'oma. Madzi oti mizu imwe mpaka kukolola anali atasambitsira masamba. Lole ija mpaka lero ikadali m'njira.

A Arce anafika masana, chipewa choyera kumutu, nsapato zopanda ndi kafumbi komwe, poti msewu tinali titawanyowetsera. Sanali munthu woipa nkhope ayi. Anapereka moni kwa aliyense, anadya nyama ya nkhosa yowotcha mpaka kunyambita zala. Atawathirira vinyo wanga anamununkhiza, n'kumwa pang'ono.

"Mayi, uyu ndi wanu? N'chiyani chimamukometsa chonchi?"

Mpata ndi umenewo. Ndinali nditatsegula kale pakamwa, koma alamu anandidumphira.

"Olemekezeka, chinsinsi chake ndi ludzu. Mpesa umafuna kuvutika. Mukauthirira kwambiri umabereka mphesa zamadzimadzi, vinyo wake ngati tiyi wa kuchipatala. Koma mukaumana madzi, mizu imatsika pansi kukafunafuna, mphesa zimakhala zing'onozing'ono, kukoma konse n'kuunjikana momwemo. Chaka chouma ndiye chaka cha vinyo wabwino."

Alimi anzanga onse patebulo anati, "N'zoona, n'zoona." Mawu amenewa timawauza alendo onse obwera kudzalawa vinyo, pakamwa pathu anazolowera ngati Atate Wathu, amangotuluka mutu usanaganize. Ndipo si bodza lenileni. Kukolola kukayandikira timachepetsadi madzi. Koma uyu sanali mlendo wodzagula botolo, anali munthu wogwira bilu yathu m'manja.

"Bwana," ndinatero, "kuvutika ndi kufa n'zosiyana. Timachepetsa madzi tikakhala nawo. Chitsime changa chili kuseri kwa nyumbayi, tiyeni mukachione."

A Arce anayang'ana masamba otsukidwa aja, anayang'ana kapinga wobiriwira, n'kumwetulira.

"Mayi, kunena zoona ndinabwera ndi mantha. Anandiuza kuti ndikapeza chipululu. Koma ndadzionera ndekha, ndipo ndaphunzira chinthu lero. Inu ndinu akatswiri, mukudzichepetsa chabe."

"Kapinga uyu wabwera pa lole dzana."

"Alamu angawa musawamvere," anatero a Rigoberto akuseka, dzanja lili paphewa langa. "Chimwalirireni mchimwene wanga amadandaula ngakhale mvula ikugwa."

Anthu anaseka. Kumuika m'kamwa malemu mwamuna wanga Nemesio, munthu amene anakumba nawo chitsimecho ndi manja ake, pofuna kuti phungu aseke. Ndinachotsa dzanjalo paphewa panga ndipo ndinawauza alamu mawu amene sindingawabwereze pano. Koma oimba anali atayamba kale kuliza malipenga, a Arce atakweza tambula kufunira mafuno abwino chigwa chathu chodala, ndiye amene anamva ndi woperekera zakudya yekha.

Biluyo inafera mukomiti. Ndinawamva ndekha a Arce pa wailesi, mawu ali myaa, akufotokozera dziko kuti alimi eni ake anawauza kuti mpesa umafuna kuvutika, choncho palibe chifukwa choletsera chitukuko. M'malo mwake anatipezera zikwangwani za m'misewu zolozera alendo njira ya vinyo. A Rigoberto anaimba foni kuti tikondwere, ati tayamba kudziwika kwa akuluakulu. Ndinadula foniyo asanamalize.

Makina okumba mjigo anabwera chakumapeto kwa chaka. Ankalira kuseri kwa mpanda mpaka matambula kugwedezeka m'kabati, ndipo atasiya kulira chitsime changa chinasiyanso kutulutsa ngakhale matope aja. Madzi ogula sakanakwanira munda wonse. Mizere ya bambo inali itafooka kale, ina itauma mpaka kumizu, ndiye ndinasankha kupulumutsa mipesa yaing'ono ya kumunsi. Ya bambo ija inayenera kudulidwa, koma sindinafune kuti munthu wina aigwire. Ndinatenga sowo ndekha.

Mpesa wakale ndi wolimba, thunthu lake lopindikapindika, sudulika msanga. Ndinkadula ndikulira, ndikutukwana, ndipo sindinasamale kuti alendo a kuhotelo akundiona ali m'dziwe lawo.

Ndili mkati modula, pachipata panaima galimoto ya boma. Anatsika abambo awiri achikulire ndi chikwangwani chachikulu chabuluu, n'kuyamba kukumba dzenje. Ndinapita kukawerenga. Panalembedwa kuti mipesa yakale kwambiri m'chigwa chonse, khoterani kuno.

Mmodzi anavula chipewa. "Mayi, pepani. Tingapempheko ndowa ya madzi? Tikufuna kukandira simenti."

Iwo analibe mlandu, anangotumidwa. "Bwerani, bambo," ndinatero.

Ndinawatengera kuseri kwa nyumba, ndinatsitsa ndowa m'chitsime mpaka tonse tinaimva ikugunda pansi kuti khoo. Ndinaikoka n'kuwapatsa. Munali mchenga wouma.

"Mchenganso mumaufuna pa simenti, tengani. Madziwo kafunseni a Cota."

Bamboyo anayang'ana m'ndowamo, anayang'ana sowo ili m'manja mwanga, n'kuvala chipewa chake. Chikwangwanicho anangochitsendera ndi miyala. Muvi wake unaloza pamene ndinkaunjika zitsa.