Timaluwa Tofiira ta Alamu

Alamu anga a Alaudin, amuna awo a achemwali anga a Hafsa, ndi munthu wabwino ndithu, koma khasu analidziwira pa ukamwini. Anakulira ku Limbe m'kashopu kokonza mafoni. Atabwera kudzakhala kwathu kuno ku Domasi, amayi anawaonera patali tsiku lina akupalira, n'kutumiza mawu kudzera mwa achemwali kuti munda sawapatsa. Ndikuti kudzera mwa achemwali chifukwa kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake salankhulana maso ndi maso. Akakumana panjira, wina amapatuka. Ndiye mwamuna amene sanapatsidwe munda pamudzi amakhala ngati wangobwera kudzacheza. Zinkawapweteka alamuwo, ngakhale sankanena.

Chaka chathachi anayamba zojambula maluwa. Kasitomala wina anawasiyira foni ya kamera yabwino, basi mutu wawo unathera pomwepo. Anayamba ndi maluwa a m'zitini amene achemwali anadzala pakhonde. Zithunzi zoyambazo, abale inu, zinali zomvetsa chisoni. China chala chatseka theka, china mthunzi wa mutu wawo wagwera pa duwa, china mbuu ngati wajambula utsi.

"Alamu, limeneli ndi duwa kapena dzira lokazinga?" ndinkawafunsa.

"Iwe Bushra, dikira. Tikuphunzira," ankatero.

Anaphunziradi. Anazindikira kuti dzuwa la masana limawaulitsa mtundu, ndiye ankadzuka m'mamawa mame asanaume. Ankanyamula kakatoni kotchingira mphepo kuti duwa lisagwedezeke. Maluwa a maungu, a nandolo, deliya wa m'mbali mwa msewu, ngakhale chisoso, zonse anajambula. Anthu opita ku mtsinje ankawapeza atagona chafufumimba m'ngalande, munthu wamkulu wandevu zake, akupempha duwa kuti likhazikike.

Tsopano nkhani ili apa. Amayi ali ndi munda kuseri kwa nyumba, umene anawasiyira amayi awo. Minda ya anzathu yambiri inatheratu ndi kaufiti, kaudzu ka timaluwa tofiira kamene kamayamwa mizu ya chimanga mpaka chimanga kupinimbira. Wa amayi unalibe ngakhale kamodzi. Ankaunyadira. Munthu akachokera m'munda mwa wina, ankayamba wagwedeza nsapato asanaponde mwawo, chifukwa njere za kaufiti n'zazing'ono ngati fumbi ndipo zikalowa m'nthaka zimakhala zaka ndi zaka.

Mwezi wa Febuluwale uno, m'mawa wina, ndinamva amayi akundiitana ndi mawu amene sindinawamvepo. Ndinawapeza ataima m'munda, manja ali kunkhongo. Ndinayang'ana pansi. Mizere yonse ya kufupi ndi nyumba inali psuu ndi kaufiti. Chimanga cha pamenepo chinali chachikasu, chofika m'mawondo, pamene cha kutsogolo chinali chitamasula ngayaye.

Choopsa kwambiri chinali kameredwe kake. Kaufiti wobwera ndi mphepo kapena madzi amamera apa ndi apo. Uyu anali wa pamzere, mbali imodzi yokha ya mzere uliwonse, ndipo anathera malo amodzi ngati wina anakoka chingwe.

"Ili ndi dzanja la munthu," anatero amayi. "Wina wandilowera m'munda."

Sanatchule dzina, koma maso awo anali ku nyumba ya a Enifa, oyandikana nafe, amene anakanganapo nawo za malire. Achemwali nawo anabwera kudzaona. Amayi anamanga chitenje mwamphamvu, akuti akupita konko. Ine ndinkafuna kuwaletsa, chifukwa mawu oterowo ukawatulutsa pakhomo pa munthu sabwereranso.

Ndi nthawi imeneyo alamu anatulukira, foni m'manja, kakatoni kukhwapa, nkhope ili mwee. Ataona amayi anaima patali monga mwa mwambo, n'kulankhula kwa akazi awo.

"Mwationa timaluwato eti? Ndimafuna tichuluke kaye ndiye ndikuonetseni. Auzeni amayi kuti ndi mphatso yawo."

Kenako anafotokoza bwinobwino, monyadira. Chaka chatha anapeza timaluwa timeneti pa tsala lina cha ku Naisi, ndipo chithunzi chake ndi chimene chinayamba kutuluka bwino pa zonse. Anabwererako titauma, n'kupukusira njere m'botolo. Anadzala m'chitini, osamera. Anadzala pabwalo, osamera. Kenako anakumbukira kuti kumene anatipezako kunali mapesi akale, ndiye chimanga cha amayi chitangomera, anawaza m'mizere, mbali yotulukira dzuwa kuti kuwala kuzigwera bwino pojambula.

"Botolo lonse?" anafunsa achemwali.

"Lonse. Bwanji kodi?"

Ndimakonda kuwaseka alamu anga, koma tsiku limenelo nthabwala inandithawa. Ndinangoti, "Alamu, ameneyu ndi kaufiti."

Dzinalo ankalidziwa. Ndani salidziwa? Ankalimva amayi akulitchula, koma m'mutu mwawo kaufiti chinali chinthu chonyansa, chaminga, chakuda mwina. Sanaganizepo kuti chinthu cha dzina lotero chingakhale chokongola. Anayang'ana timaluwato, anayang'ana chimanga chachikasucho, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa. Kakatoni kaja kanapulumuka kukhwapa. Anakhala pansi pa mzere pomwepo, ndi thalauza lawo loyera.

Achemwali anayamba kulira mwakachetechete. Tonse tinkadziwa chotsatira. Amayi akangoitana amalume, mkamwini amalongedza chikwama. Ena anapitikitsidwapo pamudzi pano pa zifukwa zochepa kuposa apa. Ndinakwiya nawo alamuwo, zoona, mpaka ndinkafuna kuwalanda foniyo ndikaiponye mu mtsinje wa Domasi. Komanso ndinawamvera chisoni kwambiri.

Amayi anayang'ananso ku nyumba ya a Enifa. Kenako anamasula chitenje chija pang'ono, n'kupuma mozama. Zimene anachita pambuyo pake sindinazionepo chibadwire. Anayenda molunjika kwa mkamwini wawo, n'kuima patsogolo pake penipeni.

"Ndioneni," anatero. "Chithunzicho."

Alamu anadzidzimuka ngati aponda moto. Anagwada, maso pansi, n'kupereka foni ndi manja awiri. Ndinasuzumira paphewa pa amayi. Kaduwa kamene ife timangokazula osakayang'ana kanadzaza galasi lonse, kofiira kuti psuu, pakati pachikasu, dontho la mame lili lende kumapeto. Amayi anakayang'ana nthawi yaitali.

"Moyo wanga wonse ndakhala ndikulimbana nako," anatero, "sindinadziwe kuti kali ndi nkhope yotere. Mwajambula bwino."

Anabweza foniyo. Alamu anayamba kupepesa koma amayi anawadula.

"Ndikanachimwira munthu wosalakwa lero," amayi anapitiriza. "Hafsa, pukuta misozi, katenge thumba. Kameneka sitikasiya pansi, timakatentha kasanabereke."

Kenako anatembenukiranso kwa alamu, n'kuloza ndi dzanja kuchokera pa nyumba mpaka pamene kufiirako kunathera.

"Bambo, mumafuna munda. Ndi umenewu, kuyambira lero ndi wanu. Muzula nokha, chaka chino, chaka chamawa, ndi chinacho. Ndipo pamudzi pano simuchoka mpaka kaufitiyu atatheratu."

Achemwali anasiya kulira, n'kundiyang'ana. Ine ndinayang'ana iwo. Tonse awiri tinakulira m'munda, tikudziwa kuti kaufiti wa botolo lathunthu munthu amamera naye imvi.

Alamu sanamve msanga. Anali kale chogwada pa mzere woyamba, akuzula ndi manja onse awiri, misozi ili chuchuchu, foni itagwera m'matope.